Anauzidwa Kuti Utoto Sunaume

Ngati foni yanu ili m'gulu lililonse la anthu a kuno ku Mangochi, ndiye kuti kavidiyo kaja mwakaona. Bambo wachikulire wovala kofiya yoyera waima pakhonde, manja ali kumbuyo, maso ali pansi. Patsogolo pake munthu wina, amene nkhope yake sikuoneka, akugwedeza diresi loyera lothimbirira mofiira kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, uku akukuwa kuti, "Onani mbava iyi! Onani zinyalala zimene amatigulitsa!"

Mwina munaseka. Mwina munakatumizanso kwa alamu anu ku Lilongwe.

Ine ndinalipo. Ndinalipo tsiku limene anajambula, komanso ndinalipo masiku atatu m'mbuyo mwake, tsiku limene kavidiyoko sikakukuonetsani. Choncho lero mundipirire. Ndikulemba ndili wokwiya, ndipo sindikufuna kuti mtima uzizire ndisanamalize.

Bambo wa kofiyayo ndi Che Kaisi. Akhala pa tauni pano kuyambira ine ndisanayambe uphunzitsi. Amasoka zinthu zachikopa pakhonde la sitolo ina yakale kuseri kwa msika: malamba, nkhwayira, zikwama, timatumba tonyamulira mabuku a kumadrasa. Ine ndinawadziwa chifukwa cha mapazi anga. Mulungu anandipatsa mapazi otambalala ngati a bakha, ndipo nsapato za m'sitolo zinkandiluma moti pofika masana ndinkaphunzitsa nditakhala pansi. Tsiku lina mnzanga anandiperekeza kwa iwo. Anandiimika pa katoni, n'kuzunguliza pensulo phazi lililonse palokha, n'kundiuza kuti lamanzere ndi lalikulupo, zimene ine mwini mapazi sindinkadziwa. Kuchokera pamenepo sindinavalenso za wina.

Lachisanu sabata yatha, anthu atatuluka ku mzikiti, ndinapita kukaona ngati nkhwayira zanga zatsopano zatha. Zinali zisanathe. Anandiuza kuti ndidzabwere Lolemba. Koma dzuwa linali likuwotcha monga limachitira mwezi uno, ndiye ndinakhala pa benchi kuti thukuta liyambe lauma.

Pa waya, pamthunzi, panali chikwama cha amayi chofiira. Chinali chokongola, sindikunama. Anali atachipaka utoto kachiwiri m'mawa womwewo.

Ambirife timaganiza kuti chikwama chikasokedwa ndiye kuti chatha. Ayi ndithu. Pa zaka zimene ndakhala pa benchi imeneyo ndaona ndi maso anga zimene zimatsatira. Chikopa chofufuta chimakhala chotuwa, ndipo chimamwa chilichonse chimene chachikhudza. Che Kaisi amachinyowetsa pang'ono, kenako amapaka utoto ndi kansanza, mozunguliza, osaimitsa dzanja, chifukwa ukangoima pamatsala banga. Amachipachika pamthunzi, poti dzuwa la kuno limaumitsa chikopa mpaka kung'aluka. Chikauma amapakanso. Chikagona, amachipukuta ndi nsalu mpaka mkono kuwawa, kuchotsa utoto umene sunalowe.

Kenako mafuta, chifukwa utoto umachisiya chikopa chili gwa. Iwo amagwiritsa ntchito mafuta a mang'ina a ng'ombe, amene amaphika okha n'kuwasefa, ndipo amapaka pang'onopang'ono ndi chala. Mafutawo amafuna tsiku lathunthu kuti alowe. Pomaliza ndi phula la njuchi, limene amawabweretsera mlimi wina wa ku Katuli. Amalisungunula, kulipaka, n'kukhula ndi nsalu yokhuthala mpaka chikwama chiyambe kuwala. Phulalo ndilo limatsekera utoto m'kati n'kutsekera madzi kunja.

Akamaliza amadontheza madzi. Dontho likaima pamwamba ngati mkanda, ndiye kuti chatha. Likalowa, sichinathe, ngakhale mwini wake atakhala kuti waima pomwepo ndi makiyi a galimoto m'manja.

Ndipo ndi mmene zinachitikira. Galimoto yoyera inaima pamsewu, injini osazimitsa. Munatuluka bambo wa tayi, wazaka zosapitirira zanga, bwana wa pa ofesi ina pa boma pano. Dzina lake ndikulidziwa, koma sindilitchula, ngakhale iye sanamuchitire mnzake chifundo chotere.

"Madala, chikwama cha madamu chija."

Moni panalibe. Che Kaisi anaika singano pansi n'kuimirira.

"Mwaswera bwanji, bwana? Paja tinapangana Lachitatu."

"Ukwati ndi mawa. Lachitatu ndidzachitenge cha chiyani?"

"Za ukwati simunandiuze, bwana. Mukanandiuza, ndikanaikana ntchitoyi tsiku lomwe munabwera."

"Si icho chapachikidwa apocho? Chatha bwinobwino, ndikuchiona ndi maso anga."

Che Kaisi sanatsutse. Anatenga kansalu koyera, n'kukhula kamodzi kokha pansi pa chikwamacho, n'kumusonyeza. Kansaluko kanali kofiira.

"Mwaona, bwana? Utoto sunaume. Chikufunika chigone, ndichipukute, ndichipake mafuta, mafuta alowe, kenako phula. Chikapita chonchi chikawononga zovala za amayi."

Bwanayo anaseka. "Inu amisiri mumakonda kukometsa nkhani kuti tizikuonani ngati madokotala."

"Wallahi, ndikukuuzani zoona. Onani, pali ichi chakuda, chinatha kale. Tengani amayi akagwirizire mawa, adzabweze Lachitatu podzatenga chawo."

Mwamva? Munthu wosauka kubwereketsa katundu wake watsopano, woti agulitse, kuti mkazi wa mwini asakachite manyazi.

"Madamu akufuna chofiira. Chikugwirizana ndi nsapato."

Atatero anatambasula dzanja n'kuchichotsa yekha pa waya. Ine ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bambo, tamverani zimene akunenazo, ntchitoyi ndi yawo." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi anga a bakhawa, n'kunena kuti, "Zikomo, mayi," mwa mtundu uja wa zikomo amene amatanthauza kuti sizikukukhudzani.

Che Kaisi anamutsatira mpaka pa galimoto, atanyamula nyuzipepala yakale yoti akulungire. Ndinawamva akubwereza pawindo: "Chisakhudze nsalu yoyera, bwana. Chisakhudze thukuta. Muwauze amayi."

Galimoto inanyamuka iwo asanamalize.

Atabwerera pakhonde anakhala pansi, n'kuyang'ana waya wopanda kanthu. Anati, "Aphunzitsi, chikwama chimenechi chibweranso." Ndinaseka, poganiza kuti akunena nthabwala.

Lolemba ndinafika nditaweruka kusukulu. Ndinali ndikuyesa nkhwayira, phazi limodzi lili m'kati, pamene galimoto ija inaimanso. Ulendo uno injini anazimitsa. Anatuluka ndi jumbo kudzanja limodzi, kudzanja linalo foni itayatsidwa kale. Taganizani: munthu anayatsa kamera ali m'galimoto. Sanabwere kudzafunsa. Anabwera kudzajambula.

Anaponya chikwamacho pafumbi, pamapazi a Che Kaisi, n'kusolola diresi lija m'jumbo.

"Mwamuchititsa manyazi mkazi wanga! Ukwati wa ku Makokola, anthu olemekezeka okhaokha, iye kumayenda ngati wabayidwa ndi mpeni! Onani mbava iyi!"

Mukudziwa mmene msika wathu umachitira ukamva phokoso. Akabaza anatsamiritsa njinga, amayi a usipa anasiya malichero, ogula anaima ndi majumbo awo. Wina kumbuyo anati, "Za kwathu kuno ndi choncho, n'chifukwa chake ine ndimangogula za kaunjika." Anthu anaseka.

Che Kaisi ananena mawu awiri okha: "Bwana, ndinakuuzani." Anawanena motsitsa, ndipo m'kavidiyomo sakumveka. Chimene mukuona ndi milomo ikugwedezeka, ngati munthu amene akupepesa.

Ine ndinaimirira ndi nkhwayira imodzi kuphazi.

"Bambo, musaname pamaso pa anthu. Ine ndinalipo Lachisanu. Anakusonyezani kansalu. Anakupatsani chikwama chakuda kuti mubwereke, munakana. Munachichotsa nokha pa waya ndi dzanja lanu lomwelo."

"Mayi, ndinu loya wake?"

"Ayi, ndine mboni."

Mayi wogulitsa tomato moyandikana ndi khondelo, amene tonse timawatchula kuti Abiti Saidi, anakweza mawu ali chikhalire: "Zoona zimenezo. Nanenso ndinamva. Anakutsatirani mpaka pa galimoto."

Foni inatsika. Kuseka kunatha. Bwanayo anabweza diresi m'jumbo, n'kunena kuti nkhaniyi sithera pompa, n'kupita. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, ena akupukusa mitu. Che Kaisi anawerama, n'kutola chikwama chija, n'kuuzira fumbi, n'kuchiika pansi pa tebulo. Munthu wamsinkhu wa bambo anga, wotchedwa mbava pamalo pamene wakhala zaka zonsezi osatengapo singano ya mwini.

Ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti choonadi chapambana. Uchitsiru wanga.

Pofika Lachiwiri m'mawa kavidiyoko kanali m'gulu la aphunzitsi, m'gulu la amayi a kutchalitchi kwathu, ngakhale m'gulu la anthu amene tinaphunzira nawo limodzi kalekale. Ndipo kanadulidwa mwaluso. Kakuthera pamene milomo ya Che Kaisi ikugwedezeka. Mawu anga mulibe. Mawu a Abiti Saidi mulibe. Munthu amene analibe nthawi yodikira phula anapeza nthawi yokhala pansi n'kudula vidiyo.

Ndinalemba m'magulu onse atatu zimene ndinaona. Ndinalemba mwaulemu, ndinafotokoza za kansalu, za chikwama chakuda. Mukudziwa yankho? Anthu angapo anaika kachala kovomereza. Woyang'anira gulu lina analemba kuti, "Tiyeni tisakangane abale, nkhaniyi yatha." Mphunzitsi mnzanga, munthu wophunzira bwino, anandiuza mu sitafu kuti, "Koma madamu, amisiriwa nawonso timawadziwa."

Yatha kwa ndani? Lachitatu mayi wina amene amayang'anira kasitolo ka alendo pa malo ena ogona kunyanja anawaimbira Che Kaisi. Malamba amene anaitanitsa, akuti ayambe aima kaye, abwana ake aona vidiyo. Malambawo anali atadulidwa kale, ena atapakidwa kale utoto.

Tsopano ndifunse. Kodi n'chifukwa chiyani mawu a munthu wa manja othimbirira timawayesa opanda pake?

Tikapita pa ofesi, wa tayi n'kutiuza kuti fomu yathu idzatuluka pakatha masabata awiri, timati, "Zikomo bwana," n'kutuluka chafutambuyo. Sitifunsa kuti ikuchedwa pati. Sititambasula dzanja kukaichotsa tokha pa tebulo. Masabata awiriwo akasanduka miyezi iwiri timapitabe ndi ulemu womwewo, mwinanso wochulukirapo. Koma munthu amene wagwira chikopa kuyambira unyamata wake akatiuza kuti dikirani mpaka Lachitatu, n'kutisonyeza chifukwa chake pa kansalu, timati akukometsa nkhani.

Chimene timaganiza mumtima, ngakhale sitinena, n'chakuti munthu wosapita patali ndi sukulu sangadziwe chinthu chimene ife sitidziwa. Timamuona ngati manja chabe, manja amene tawalemba ganyu. Mutu ndi wathu. Ndiye akalankhula ngati katswiri timakhumudwa, ngati kuti khasu layamba kutiuza malimidwe.

Si Che Kaisi okha. Funsani womanga nyumba aliyense kuti ndi kangati eni nyumba amukakamiza kuchotsa matabwa simenti isanagwire. Funsani okhoma maboti kugombe kuti ndi kangati mwini boti walikankhira m'madzi penti isanaume chifukwa wamva kuti usipa wagwa. Funsani makaniko amene amati galimoto igone, mwini wake n'kuti ali ndi ulendo. Zikavuta, mwini nyumba sati, "Ndinauzidwa." Amati, "Mmisiri uja ndi mbuli."

Ndipo ndisadziyeretse. Nanenso ndinachitapo.

Pamene mwana wanga wamkazi ankachita chinkhoswe, ndinapaka pulasitala chipinda chochezera kutatsala masiku ochepa. Wopenta, bambo wina wofatsa wa kwathu kutsidya kwa nyanja, anagwira khoma ndi chikhatho n'kunena kuti, "Mayi, khomali likadali lonyowa. Penti idzasupuka." Ine ndinati alendo akubwera Loweruka, pentani. Anapenta. Mvula isanathe khoma linali litatupa matuza, penti ikugwa ngati mamba a nsomba. Kodi ndinati chiyani kwa amayi anzanga a kutchalitchi atandifunsa? Ndinati, "Musadzamulembe uja, sadziwa ntchito." Ndinanena ndi pakamwa pangapa. Ndinaiwala dala kuti anandichenjeza. Bamboyo anamwalira zaka zingapo zapitazo ndisanamupepese, ndipo Lolemba lija, nditaima ndi nkhwayira imodzi kumadzudzula mnzanga, nkhope yake inandibwerera. Kusiyana kwa ine ndi bwana uja n'kwakuti nthawi imeneyo ndinalibe foni ya kamera.

Ndikudziwa zimene ena mukunena pamene mukuwerenga. Mukuti amisiri abodza aliko. Inde aliko. Pali telala amene anandisungira nsalu kuyambira Isitala mpaka Khirisimasi, tsiku lililonse "mubwere mawa." Pa zachikopa zomwezi pali anyamata ena amene amatenga chikopa chosafufutika bwino, n'kuchipaka polishi wa nsapato, ena mpaka oyilo wakutha wa galimoto kuti chide msanga, n'kuchiyanika padzuwa ola limodzi, n'kuchigulitsa chikuwala. Pakatha mwezi chimanunkha, pakatha iwiri chimang'aluka.

Koma tafunsani kuti anyamata amenewa anaphunzira kuti. Anaphunzira kwa ife ogula. Anaona kuti wopaka polishi n'kupereka tsiku lomwelo timamutcha wachangu, timamutumizira anzathu. Anaona kuti wonena kuti "dikirani, mafuta alowe" timamutcha waulesi, wamatama, wokalamba. Sabata ino aonanso phunziro lina: ukanena zoona, udzatukwanidwabe, ndipo nkhope yako idzayenda m'mafoni a dziko lonse. Mnyamata wanzeru asankha njira iti?

China chimene chikundiwawa ndi mawu a munthu uja wa kumbuyo, akuti za kwathu kuno ndi choncho. Tonsefe tinagulapo lamba wonyezimira wochokera kunja, wolembedwa kuti ndi chikopa chenicheni, amene pakatha milungu ingapo amasupuka n'kuonetsa katoni m'kati. Tinagulapo chikwama chimene chogwirira chake chinaduka tili pa depoti. Ndani anajambulapo vidiyo? Ndani anakaponyapo lamba wotere pamapazi a mwini sitolo? Timangoti, "Aa, zotchipa," n'kukagula wina wofanana naye. Katundu wopangidwa ndi munthu amene sitidzamuona timamukhululukira tsiku ndi tsiku. Mkwiyo wathu wonse timasungira munthu amene tingathe kumufikira, amene alibe geti, alibe mlonda, alibe loya, amene tikudziwa kuti aika manja kumbuyo n'kuyang'ana pansi.

Kulimba mtima kwake n'kumeneko?

Ndipo mafoniwa atipatsa bwalo lamilandu loipa kwambiri. Kale munthu ukakhala ndi dandaulo pa msika unkapita kwa atcheyamani, onse awiri n'kulankhula, oyandikana nawo n'kuikira umboni. Zinkatha pomwepo, wolakwa n'kupepesa. Lero wodandaula yemweyo ndiye wojambula, ndiye wodula, ndiye woweruza. Ife otumiza ndife apolisi ake, ogwira ntchito mosalipidwa. Palibe amene amafunsa kuti, kodi winayo akuti chiyani? Timangodina, n'kupitiriza kumwa tiyi.

Lachinayi ndinapitanso kuseri kwa msika, osati kukatenga kanthu, koma kukawaona. Ndinapeza waya uja wachotsedwa. Zinthu zimene sizinathe akuzipachika m'kati mwa sitolo, kuseri kwa chitseko, kumene mpweya suyenda bwino. Akuti zizichedwa kuuma, koma bola palibe wozifikira ndi dzanja.

"Aphunzitsi, mwaphonya alendo," anatero Abiti Saidi ndisanakhale n'komwe. "Kunabwera mwini diresi."

Ndinayang'ana Che Kaisi. Anavomera ndi mutu, n'kufotokoza.

"Anabwera m'mawa, pa kabaza, okha. Ine sindinawadziwe. Kenako anagwada."

"Kugwada?"

"Pafumbi pomwepo," anatero Abiti Saidi. "Mayi wovala bwino. Ine mpaka ndinawapatsa chitenje."

Nkhani yake ndi iyi. Lachisanu lija bwanayo atafika kunyumba anamupatsa mkazi wake chikwama n'kumuuza kuti chatha, mmisiri wangomaliza kumene. Za kansalu sananene. Za thukuta sananene. Mayiyo anachikoleka paphewa Loweruka, n'kuvina nacho pa perekaniperekani dzuwa lili pamutu, mpaka mnzake anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti adziyang'ane m'khwapa. Anatha ukwati wonse atadzifunda chitenje chobwereka, atakhala kumbuyo. Analira, n'kutukwana mmisiri amene sanamuonepo. Zoona zake anazimva Lachitatu, kwa mng'ono wake amene amagula ndiwo pa msika womwewu.

"Anati, 'Baba, pepani. Sanandiuze.' Ine ndinati dzukani mama, inu simunandilakwire, nanunso anakulakwirani."

"Nanga za vidiyo anati chiyani?"

"Akuti anawapempha amuna awo kuti aichotse. Anawayankha kuti yapita kale, sangaibweze."

Ndinafunsa za chikwama. Che Kaisi anamwetulira koyamba sabata yonseyi.

"Chinali chitatha. Ndinachitsuka fumbi Lolemba lomwelo. Lachiwiri mafuta. Lachitatu phula."

"Munachimalizanso? Pambuyo pa zonse zija?"

"Nanga chikwama chinalakwa chiyani? Chikopa chake chinali chabwino. Sindikanachisiya chonchija."

Abiti Saidi akuti mayiyo anachilandira ndi manja awiri, n'kuchikhula pa ngodya ya mpango wake woyera, kamodzi, kawiri, mwamphamvu. Mpango unakhalabe woyera. Akuti pamenepo ndi pamene analira kwenikweni. Anapempha kuti dzina lake lisatchulidwe, chifukwa kunyumba sakudziwa kuti anabwera.

Mukuganiza kuti pamenepa mtima wanga unatsika? Unakwera. Amene anagwada pafumbi ndi mayi amene ananamizidwa. Amene anapepesa ndi amene anachita manyazi pa ukwati. Mwini bodza ali pa ofesi, pansi pa fani, akusaina makalata, ndipo mawa akadutsa tidzamupatsa moni wa manja awiri. Kasitolo ka kunyanja sikanaimbenso. Mayiyo anapepesa monong'ona, pamaso pa anthu awiri, pamene chitonzo chinalengezedwa kwa aliyense wokhala ndi foni.

Ndikunyamuka, Che Kaisi anandiperekeza pang'ono, chinthu chimene sachita kawirikawiri poopa kusiya khonde lokha. Tinaima pafupi ndi ogulitsa makala.

"Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi anandiimbira dzulo. Amakhala ku Namwera, kumudzi kwathu. Anaiona vidiyo ija. Ana ake anaiona kusukulu, anzawo akuwaseka kuti agogo anu ndi akuba."

Anapitiriza.

"Akuti, 'Baba, bwerani kuno. Munda ulipo, nyumba ilipo. Mukuvutikiranji kutukwanidwa ndi ana obadwa dzulo?'"

"Ndiye mwamuyankha chiyani?"

"Ndamuuza kuti ndimalize kaye zimene anthu anandisiyira. Sindingachoke ndi ntchito za eni. Zikatha, Inshallah, ndiganiza."

Anabwerera kukhonde kwawo pang'onopang'ono, ndipo ine ndinaima pamenepo mpaka wamakala anandifunsa ngati ndikugula.

Anthu amene amadziwa kufufuta chikopa, kuchinika, kuchidyetsa mafuta ndi kuchitseka ndi phula pa tauni ino mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, ndipo onse ndi aimvi. Palibe amene akuwathamangitsa ndi ndodo. Tikuwathamangitsa ndi changu chathu, mwano wathu, ndi chala chathu chotumiza zinthu tisanafunse.

Tsiku limene womaliza wa iwo adzamange singano zake m'kansalu n'kukwera galimoto ya kumudzi, tidzatsala ndi ogulitsa okhaokha amene amatiuza zimene tikufuna kumva. Ndiuzeni, abale anga a ku Mangochi: pa tsiku limenelo, adzatsale ndani wolimba mtima kutiyang'ana m'maso n'kutiuza kuti, "Dikirani, sichinathe"?